Mawu Amene Anapeza Selina

A Jekapu Mpande anasiya kupha nsomba chaka chimene dzanja lawo lamanzere linafa. Anagwa m'mawa wina akukonza ukonde pa gombe ku Mphuka, ndipo atatuluka m'chipatala ku Katondwe mwana wawo Annet anawatenga kukakhala nawo ku Boma la Luangwa, limene kale linkatchedwa Feira. Annet anali telala. Anali ndi kashopu ka malata kumapeto kwa msika, kumene ankasoka mayunifomu a sukulu ndi madiresi a zitenge. Mwamuna wake anapita ku Kafue kalekale osabwereranso, ana ake awiri anali ku sukulu yogonera komweko, choncho malo m'nyumba analipo.

Munthu wozolowera madzi akakhala pa mpando tsiku lonse amayamba kukumbuka. A Jekapu anabadwira tsidya lina, ku Mozambique, m'mudzi wotchedwa Nyakatondo, mtunda wautali kuchokera ku Zumbo kulowa m'kati. Nthawi ya nkhondo, iwo ali mnyamata wongoyamba kumera ndevu, anthu a mfuti anafika m'mudzimo kukucha. Amene anatha kuthawa anathawa. Iwo anagwira dzanja la mayi awo nalowa nawo m'thengo, koma mlongo wawo wamng'ono, Selina, anali atalawirira ku chitsime, ndipo anthu a mfutiwo anamutengera kumeneko pamodzi ndi atsikana anzake. Iwo ndi mayi awo anawolokera ku Zambia nakhazikika ku Mphuka. Mtendere utabwera a Jekapu anawoloka kangapo kukafunsa. Pamalo pa mudzi anapeza mitengo ya mango ndi udzu. Wina ankati atsikanawo anapita nawo kumpoto, wina ankati ku Tete, wina ankangoyang'ana pansi. Mayi awo anamwalira ku Mphuka akufunsabe.

Nkhani imeneyi Annet anakula akuidziwa, koma m'nyumba mwawo sinkakambidwa. Inadzuka pamene mkulu wina wa ku tchalitchi anabwera kudzazonda wodwala, nanena kuti masiku ano anthu otayana akupezana pa foni. Mlendo atapita, a Jekapu anadikira mpaka nthawi ya chakudya. Kenaka anafunsa mwana wawo ngati foni yake ingathe zimenezo. Annet anali atatopa, msana ukumupweteka chifukwa chopalasa makina tsiku lonse. Anayankha kuti angayese, poganiza kuti pofika mawa adzakhala ataiwala.

Sanaiwale. Lamlungu masana anavala jekete yawo ya ku maliro, ngakhale dzuwa la ku Feira linali likuwotcha mpaka mbuzi zikubisala pansi pa nkhokwe. Annet anawakhazika pa mthunzi kuseli kwa nyumba nayamba kujambula. Analankhula Chikunda, pang'onopang'ono, pakamwa pakukokera mbali imodzi. Anatchula dzina lawo, la atate awo ndi la mayi awo, dzina la mudzi, ndi chipsera cha moto chimene Selina anali nacho pa mkono. Za tsikulo anangoti, "Anamutenga ku chitsime." Atamaliza anayang'anabe foni ngati akudikira kuti iwayankhe.

Annet anaika vidiyoyo pa YouTube tsiku lomwelo. Pamutu analembapo kuti "Atate anga afuna mlongo wawo", nasiya malo ena onse opanda kanthu chifukwa sanadziwe ntchito yake.

Sabata inatha, ina inatha. Anthu oonera anali ochepa moti Annet akanatha kuwatchula mayina: iye mwini, ana ake, mayi wogulitsa tomato pafupi ndi shopu, ndi mkulu wa ku tchalitchi uja. Madzulo alionse akangolowa pa chipata, atate ake ankamuyang'ana m'manja, osati kumaso. Iye ankati palibe, Baba, nalowa kukasonkha mbaula.

Amene anamutsegula maso anali Barbara, mnzake wa ku sukulu amene tsopano ankakhala ku Lusaka, ku Chawama. Barbara ankaluka tsitsi, ndipo mavidiyo ake oonetsa kalukidwe kake ankaoneredwa ndi anthu ambirimbiri. Annet atamutumizira vidiyo ya atate ake, Barbara anaimba nthawi yomweyo, kumbuyo kwake kukumveka wailesi ndi phokoso la mabasi.

"Iwe mwandi, makina aja samva Chikunda," anatero Barbara. "Saona ngakhale kuti mdala alira. Awerenga chabe zimene walemba. Manje iwe walemba chiyani? Atate anga. Atate a ndani? Dziko lonse lili ndi atate."

Anamufotokozera za makiwedi, mawu amene munthu amatayipa akamasaka chinthu. Anati mawuwo ayenera kukhala pamutu wa vidiyo, m'ndime ya pansi yofotokozera, ndiponso m'kabokosi ka matagi. Anati asaganize za mawu amene iye akufuna kunena, aganize za mawu amene munthu wosakayo angatayipe. Ndipo anati vidiyo si kalata yoti ukaponya yapita: mutu ndi mawu onse angasinthidwe ngakhale vidiyo ili kale pa intaneti, ndipo iye amasintha ake nthawi zonse, kufikira atagwira. Anamuonetsanso tsamba limene limanena mawu amene anthu anatayipa asanagwere pa vidiyo yake, dziko limene ali, ndi pamene anasiyira kuonera.

Annet anayamba ndi dzina la kwawo. Analemba Luangwa, Zambia, mtsinje wa Luangwa, m'Chingerezi monga Barbara anamuuzira. Patapita masiku owerengeka oonera anachuluka. Koma atatsegula tsamba lija anapeza kuti anthuwo anali ku Ulaya ndi ku America, ndipo ankasaka mikango ndi akambuku a ku paki ya ku Mfuwe, kumene iye sanapondeko chibadwire. Ankatsegula, naona nkhalamba ya jekete ili pa mpando, natseka a Jekapu asanamalize ngakhale kutchula dzina lawo. Mmodzi analemba kuti vidiyoyo ndi yonamiza chifukwa mulibe nyama.

Annet anachotsa Luangwa naika Feira, poganiza kuti akuluakulu a tsidya lina amadziwa dzina lakalelo. Ulendo uno oonera anachokera ku Brazil. Zinamutengera nthawi kuti amvetse kuti m'Chipwitikizi mawuwa atanthauza msika, ndipo anthuwo ankafuna kuona misika ya zipatso ndi nsapato ya kwawo. Barbara anaseka mpaka kutsokomola. Annet sanaseke. Anali ataima pa dzuwa pafupi ndi maofesi a boma, pamene netiweki imagwira bwino, chifukwa ku msika foni inkangodumphira ku netiweki ya ku Mozambique kapena ya ku Zimbabwe n'kumudyera bandulo.

Ntchito yake inayamba kutsalira. Malaiti ankazima kwa nthawi yaitali, ndipo akabwera iye ankayenera kusankha pakati pa kusita zosoka ndi kutchaja foni pa soketi imodzi ya m'shopu. Mayi wina anabweza diresi la ukwati chifukwa mpendero unali wokhota. Kunyumba kunali kuphika ndiwo zopanda mchere, kutikita dzanja lakufa lija ndi mafuta, ndi kupita ku kiliniki kukaima pa mzere wa mankhwala a BP. Pakati pa zonsezi ankatulutsa foni, nafufuta mawu, nalemba ena. Anayamba kuyenda akuganiza ngati mlendo. Ali pa mzere wa madzi ankadzifunsa kuti mayi wachikulire amene anatayana ndi abale ake ali kamtsikana angatayipe chiyani, ngati amatayipa n'komwe, ngati ali ndi foni, ngati ali moyo.

Kenaka anayesa Chinyanja ndi Chingerezi pamodzi: kusaka m'bale, othawa nkhondo ya ku Mozambique, Zumbo, Selina. Mawu amenewa anabweretsa anthu a m'Zambia momwemo. Ambiri ankalemba mapemphero. Ena ankafunsa ngati mdalayo akufuna thandizo la m'neneri. Ndiye tsiku lina mnyamata wa ku Nyimba analemba kuti agogo ake dzina lawo ndi Selina, anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, ndipo sadziwa kumene abale awo ali.

Annet analakwitsa kuuza atate ake asanafufuze. A Jekapu anapempha madzi osamba masana, navala jekete ija, nakhala mowongoka. Foni italumikizana, mayi wa ku Nyimba analankhula Chinsenga chosakaniza. Dzina la mayi ake linali lina, mudzi wake unali wa kufupi ndi malire a Petauke, ndipo pa mikono yake panalibe chipsera. Onse awiri anazindikira msanga, koma palibe anafuna kuyamba kudula. Anakambirana za chilala ndi za njovu zimene zikutha minda. Potsiriza mayiyo analira, nati mwina m'bale wake nayenso ali kwinakwake pa mpando. A Jekapu anamutonthoza ndi ulemu wonse. Foni itadulidwa anavula jekete okha ndi dzanja limodzi, osalola kuthandizidwa.

Kuyambira tsiku limenelo anasiya kufunsa. Annet akalowa pa chipata ankamulonjera, namufunsa za msika, basi. Iye anayembekezera kuti apumula, koma kukhala chete kwawoko kunamulemera kuposa mafunso. Nayenso anaisiya vidiyo ija. Mvula inabwera, Luangwa anadzaza nafiira, sukulu zinatsegulira, ndipo anamira m'mayunifomu. Barbara akafunsa ankangoti zinakanika.

Chakumapeto kwa dzinja kunabwera Dona Ilda, mayi wa ku Zumbo amene ankawoloka pa boti kudzagulitsa zitenge za ku Tete kwa matelala a ku Boma. Anali munthu wolankhula kwambiri, ndipo tsikulo mvula inamutsekereza m'shopu ya Annet. Nkhani zitatha, Annet anamuonetsa vidiyo ija, osati chifukwa choyembekezera kanthu, koma kuti nthawi ipite. Dona Ilda anaonera mpaka kumapeto. Kenaka anabweza foni kumaso kwake, nawerenga zolembedwa pansi, nafunsa kuti mudzi umenewu ndi uti.

Annet anautchula.

"Aa, Nyakatondo ndiudziwa dzina lake," anatero Dona Ilda. "Koma walemba Chizambia. Kwathu palibe angalembe chonchi. Ndipo Selina uyu, ngati anapita ku sukulu kapena kubatizidwa kwathu, dzina lake liyamba ndi C."

Anatenga choko chodulira nsalu nalemba pa tebulo: Nhacatondo, Celina. Annet anayang'ana mawu awiriwo nthawi yaitali. Miyezi yonseyi ankaitana azakhali ake m'kalembedwe ka dziko limene iwo sanakhalemo.

Anakhala pansi awiriwo, mvula ikugunda malata, nalembanso zonse m'Chipwitikizi. Dona Ilda ankatchula, Annet akutayipa chilembo chimodzichimodzi: mawu otanthauza nkhondo, otanthauza munthu wosowa, otanthauza kuti ndikusaka mlongo wanga. A Jekapu anasanduka Jacobe. Potsiriza Dona Ilda anati awonjezere raptada, kutanthauza mkazi wogwidwa n'kutengedwa mokakamiza. Annet anazengereza. Anati atate ake sananene choncho, anangoti anamutenga. Dona Ilda anayankha kuti ndi chimodzimodzi, ndipo amene amasaka anthu otere amatayipa mawu amenewo. Annet analiika pamutu penipeni, pafupi ndi dzina.

Sizinachitike msanga, koma zinachitika. Tsamba lija linayamba kuonetsa Tete, Chimoio, Beira, Maputo. Anthu ankaonera mpaka kumapeto. Ankatumizirana. Pansi pa vidiyo panadzaza makomenti a Chipwitikizi, ndipo Dona Ilda akabwera ankamuwerengera. Ochepa okha ankanena za Celina. Ambiri ankalemba za awo: wina mkulu wake amene anatengedwa pa msewu, wina mayi ake, wina ana awiri amapasa. Ankasiya mayina ndi midzi ndi manambala a foni pansi pa nkhope ya a Jekapu, ngati anthu opachika zovala pa chingwe cha mnzawo. Annet anamupempha Dona Ilda kuti aziwerenga okhawo otchula Celina, koma kenaka iye mwini ankafunsa kuti enawo akuti chiyani, ndipo ankapita kunyumba mutu ukulemera. Atate ake sanawauze chilichonse.

Uthenga wa munthu wina dzina lake Simão unafika nthawi yokolola mapira. Unali wa mawu, pa WhatsApp, m'Chinyungwe chimene Annet anamva pafupifupi chonse chifukwa n'chapafupi ndi Chikunda. Mwamunayo anati ndi makanika ku Moatize. Anati mayi ake ndi Celina, ndipo sananenepo za kwawo. Ana onse ankadziwa kuti ndi mwana wamasiye amene analeredwa ndi masisitere. Koma chaka chatha atadwala malungo aakulu ankabwebweta dzina la Nhacatondo, ndipo iye analisunga mumtima. Analitayipa kangapo osapeza kanthu. Sabata ino analitayipanso, ndipo panatuluka nkhalamba yokhala ndi mphumi ndi makutu ngati ake.

Ulendo uno Annet sanathamangire kunyumba. Anafunsa za chipsera, ndipo Simão anati chili pa mkono wamanja, chachikulu ngati tsamba. Anamupempha kuti akafunse mayi ake dzina la mayi amene anawabereka, limene mu vidiyo a Jekapu analitchula mosamveka chifukwa cha pakamwa pawo. Panapita masiku angapo. Simão atayankha, mawu ake anali otsika. Dzina linali lomwelo. Anawonjeza kuti mayi ake ataona vidiyo anadzitsekera m'chipinda, ndipo sanadye tsiku limenelo.

Annet anawauza atate ake m'mawa, atamaliza kumwa tiyi. Anawauza zonse mwadongosolo, kuyambira pa Dona Ilda. A Jekapu anamvetsera akuyang'ana pansi. Anafunsa ngati watsimikiza, iye nati watsimikiza. Anafunsa ngati Selina ali ndi ana angati, ngati mwamuna wake ali moyo, ngati amayenda yekha. Kenaka anapempha kuti awatulutsire mpando panja, nakhala kumeneko m'mawa wonse.

Celina sanavomere msanga kulankhula. Simão ankati mawa, mawa likafika ankati sabata ya mawa. Pamene anavomera linali Loweruka masana. Annet anatseka shopu, nabwereka njinga yamoto ya mnansi kuti iwanyamule atate ake mpaka pamalo paja pogwira netiweki, nawakhazika pa benchi pansi pa mtengo. Pa foni panaoneka mayi wonenepa, wa duku loyera ndi magalasi, atakhala pa sofa, kumbuyo kwake kuli kabati ya mbale. Sanafanane ndi aliyense amene Annet ankamuganizira miyezi yonseyi.

Anayang'anana. Chithunzi chinkaima, n'kuyendanso.

"Selina," anatero a Jekapu.

"Ndine," anayankha mayiyo. "Mwakalamba, akulu."

"Nawenso."

Panalibe kulira kumene Annet ankayembekezera. Analonjerana monga anthu okumana pa maliro a munthu wina. Celina anafunsa za dzanja, a Jekapu nafunsa za ana. Iye anawatchula mmodzimmodzi ndi ntchito zawo. Anati nkhope yawo saikumbuka bwino, koma mawu awo ndi a atate. Patapita nthawi anafunsa za mayi. A Jekapu anati anagona ku Mphuka zaka zambiri zapitazo, ndipo manda awo ali pabwino, madzi safikapo.

"Anandifunafuna?"

"Mpaka tsiku lomaliza."

Celina anavula magalasi, nawapukuta ndi nsonga ya chitenge, nawavalanso. Anati wamva. Kenaka anapempha kulankhula ndi mwana amene anaika vidiyo.

Annet anatenga foni napita pambali. Anawalonjera azakhali ake mwaulemu, akuyembekezera mwina kuthokozedwa. Celina anamuthokozadi, mwachidule. Kenaka anamuuza kuti vidiyoyo yafika ku mpingo wawo. Amayi a m'kwaya aiona, apongozi a ana ake aiona, abale a malemu mwamuna wake aiona. Dzina lake lili pamenepo, mudzi wake uli pamenepo, ndipo pambali pa dzina lake pali liwu lija. Anthu amene wakhala nawo zaka zonsezi tsopano amamuyang'ana mwachifundo, ndipo ena ayamba kuwerengera zaka za mwana wake woyamba.

"Mwanangu, zimene zinandichitikira ndinazikwirira ndekha, ndi manja anga," anatero. "Mwamuna wanga anafa osazidziwa. Iwe wazilemba pamwamba kuti aliyense wodutsa awerenge. Sindikukudzudzula, unafuna kundipeza. Wandipeza. Tsopano fufuta."

Annet anafuna kunena kuti popanda mawu amenewo vidiyo sikanayenda, kuti iye anazengereza, kuti analangizidwa. Anangoti wamva, azakhali, achita lero lomwe.

Anachitadi madzulo omwewo, atawafikitsa atate ake kunyumba. Anabwerera yekha pa benchi paja nayamba kuchotsa. Anachotsa liwu lija poyamba, kenaka Celina, kenaka Nhacatondo, kenaka nkhondo. Ntchito imene inamutengera miyezi inatha asanamve n'komwe kutopa kwa chala. Koma mawu a atate ake anali momwemo m'vidiyo, akutchula mayina onse, ndipo amene anali ndi linki akanathabe kuonera ndi kutumizira ena. Anaimbira Barbara kumufunsa mmene angaibisire yonse.

Barbara sanamvetse. Anati vidiyo yangoyamba kugwira, ndipo anthu amavutika zaka kuti afike pamenepo. Annet atamufotokozera, Barbara anafunsa za anthu aja a m'makomenti, amene anasiya mayina a abale awo. Anati vidiyo ikabisika, zonsezo zibisika nayo. Annet anati akudziwa. Anakhala pa benchi foni ili m'manja, akutsitsa makomenti amene sankatha kuwawerenga, akungozindikira mayina a anthu ndi a midzi. Dzuwa litayamba kufiira ku Zambezi anadina pamene Barbara anamuuza, ndipo vidiyo inatsala yooneka kwa iye yekha.

A Jekapu sanafunse za vidiyo. Iwo ankafuna ulendo. Anayamba kufunsa anthu za boti la ku Zumbo, za msewu wa ku Tete, za mapepala a pa malire. Anayamba kuyenda ndi ndodo mpaka pa chipata ndi kubwerera, kuti miyendo ilimbe. Annet anatumiza uthenga kwa Simão, amene tsopano ankamutcha Annet kuti prima, ndiye kuti msuweni. Yankho linali lakuti mayi akuti asabwere kaye. Anthu akulankhulabe, ndipo kubwera kwa mlongo wochokera ku Zambia kungadzutsenso zonse. Mwina chaka chamawa. Simão anapepesa, nati iye yekha adzayesa kubwera akapeza tchuthi, chifukwa akufuna kuona amalume ake ndi manda a agogo ake. Ananenanso kuti iye ndiye mwana woyamba, ndipo pali mafunso amene sakudziwa ngati adzawafunse.

Annet anawauza atate ake kuti Celina akuti nthawi ino si yabwino. Anayembekezera kuti akhumudwa. Iwo anagwedeza mutu, nati mwana uja anali wotero kuyambira kale, safuna kukankhidwa. Anapitiriza kuyenda mpaka pa chipata.

Masiku ano a Jekapu ndi Celina amalankhulana Lamlungu lina ndi lina, netiweki ikalola. Nthawi zambiri amaimba ndi Simão, napereka foni kwa mayi ake. Amakamba za mvula, za mitengo ya zinthu, za mankhwala a BP amene onse awiri amamwa. Za Nyakatondo sakamba, kupatula tsiku lina pamene anakangana za mtundu wa galu amene atate awo anali naye, wina akuti wakuda, wina akuti wofiira, mpaka bandulo inatha. Annet amakhala pambali atagwira foni kuti isagwe, dzanja likuchita dzanzi. Nthawi zina amawodzera ali chigwirire, ndipo atate ake amamugwedeza ndi bondo kuti akweze foni, chifukwa Selina akungoona denga.